Khansa ya thymus ndi chithandizo cha proton: njira yake kwa wodwala wochokera ku Mangochi

Kuseri kwa fupa la pakati pa chifuwa, kutsogolo kwa mtima ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, kuli kachiwalo kotchedwa thymus. Musakasokoneze ndi chithokomiro. Chithokomiro chili pakhosi, aka kali m'chifuwa. Mwa mwana kamakhala kokulirapo, chifukwa ndi mmene asilikali a m'thupi a mtundu wa T amakhwimira. Munthu akatha msinkhu kamayamba kufota n'kusanduka mafuta. Mwa anthu ochepa, makamaka a zaka zapakati pa 40 ndi 60, m'kachiwaloka mumamera chotupa. Chofala ndi thymoma, chomwe chimakula pang'onopang'ono. China ndi thymic carcinoma, chaukali, chofulumira kufalikira.

Matendawa ngosowa. M'maiko omwe amalemba bwino chiwerengero cha odwala khansa, pa anthu miliyoni imodzi pamapezeka mmodzi mpaka atatu pachaka. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndiye kuti wogwira ntchito pa chipatala cha ku Makanjira kapena ku Namwera angathe kufika popuma ntchito asadakumanepo ndi wodwala wotere. Pachifukwachi abale a wodwala amathamangira pa intaneti, ndipo kumeneko amakumana ndi mawu akuti proton, mtundu wina wa cheza chowotchera khansa, olembedwa ngati kuti ndiwo mapeto a mavuto onse.

Tinene pachiyambi pomwe. Proton sipha chotupa kuposa radiotherapy wamba, yomwe ambiri amangoti kuwotcha khansa. Mlingo wa cheza wofika pa chotupa ndi womwewo. Kusiyana kwake kuli pa mlingo wotayikira pa mtima ndi m'mapapo. Kwa odwala ena kusiyanako n'kwakukulu moti n'koyenera ulendo wa kunja. Kwa ena n'kochepa, ndipo kudikira ndalama za ulendowo kumawononga kuposa kuwotchedwa msanga ndi makina wamba.

Kutsimikiza kaye kuti ndi thymus

Wodwala amabwera ndi chifuwa chosatha, kupweteka kuseri kwa fupa la pachifuwa, kapena phuma. Kwathu kuno munthu wotere amaganiziridwa TB, ndipo m'pomveka. Koma makhololo akapimidwa pa GeneXpert osapezeka kanthu, X-ray n'kuonetsa kuti pakati pa chifuwa patambasuka pamene mapapo ali oyera, funsani kuti CT sikani ichitike liti. Miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala a TB kwa munthu wopanda TB ndi miyezi yomwe chotupa chimakhala chikumatirira ku mtima. Njira yake ndi kalata yochokera ku chipatala chachikulu cha boma la Mangochi kupita ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre. Sikaniyo ikhale ya chifuwa chonse, yothira mankhwala oonetsa mitsempha.

Pamalo pomwepo pamameranso zotupa zina zosachiritsidwa mofanana: lymphoma, yomwe ndi yofala kwa omwe ali ndi HIV, zotupa za germ cell (zochokera ku maselo a mbewu yoberekera) mwa anyamata, ndi chithokomiro chotsikira m'chifuwa. Choncho magazi apimidwe kuchuluka kwake, HIV, LDH, AFP ndi beta-hCG. Lymphoma siichotsedwa ndi mpeni, imafuna kemo, mankhwala opha khansa.

Chizindikiro chimodzi chimaloza kwambiri ku thymoma. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu, m'malo ena mpaka theka, amakhalanso ndi myasthenia gravis, matenda ofooketsa minofu. Zikope zimagwa dzuwa likapendeka, munthu amaona zinthu ziwiriziwiri, nsagwada zimatopa asanamalize mbamu zitatu za nsima, mawu amatulukira m'mphuno, manja amakanika kupesa tsitsi. M'mawa amadzuka bwino, madzulo wafookeratu. Abale kawirikawiri amati ndi sitiroko kapena zamatsenga. Uzani adokotala zimenezi ngakhale sadafunse, chifukwa kugoneka munthu wotere pa opaleshoni asanalandire mankhwala ake, monga pyridostigmine, kungamulepheretse kupuma yekha akadzuka.

Ngati sikani ikuonetsa thymoma yooneka bwino ndipo ingachotseke yonse, madokotala ambiri satengako kachidutswa kokapima, amangochita opaleshoni. Ngati chotupa n'chachikulu, kapena akukayikira lymphoma, amatenga kachidutswa ndi singano yaikulu, polowera kutsogolo osaboola kansalu kokuta mapapo, kuopa kufesa khansa m'menemo.

Opaleshoni ndiyo nsanamira, kuwotcha n'kothandizira

Chithandizo chenicheni ndi kuchotsa thymus yonse pamodzi ndi mafuta oizungulira, kawirikawiri pong'amba fupa la pachifuwa pakati n'kulimanganso ndi mawaya. Musanalowe ku fiyeta, pemphani dokotala wa opaleshoni kuti asiye timakilipi tachitsulo pamalo pomwe chotupa chidamatirira kapena pomwe akukayikira kuti patsala kanthu. Timakilipi timeneti ndito tidzauze wowotcha poloza.

Pepala lochokera ku labu likatuluka, yang'anani zinthu zitatu. Mtundu wa chotupa: A, AB, B1, B2, B3, kapena carcinoma, ndipo ukali umakwera motsatira mndandandawo. Siteji yake, yomwe ambiri amalemba potsata njira ya Masaoka ya 1981 yomwe Koga adaikonzanso mu 1994: siteji I chotupa chili m'chikopa chake, II chaboola chikopacho, III chagwira ziwalo zoyandikana monga thumba la mtima, mapapo kapena mitsempha ikuluikulu, IV chafesa m'kansalu ka mapapo kapena kutali. Chachitatu ndi chilembo R. R0 ndiye kuti chachoka chonse, R1 m'mphepete mwatsala tizidutswa tooneka pa maikulosikopu pokha, R2 chatsala chooneka ndi maso.

Thymoma ya siteji I yochoka yonse siifuna kuwotcha kwa mtundu uliwonse. Wina akakuuzani za proton pa wodwala wotere, sungani ndalama zanu. Pa siteji II amakambirana, ndipo mtundu wa B2 kapena B3 ndiwo umakokera ku kuwotcha. Pa siteji III, pa R1 ndi R2, ndiponso pa carcinoma yambiri, kuwotcha kumafunika. Mlingo amauyeza mu Gy. Ngati m'mphepete muli moyera kapena chotupa chidangoyandikira, amapereka 45 mpaka 50 Gy. Pa R1, pafupifupi 54 Gy. Pa R2 kapena chotupa chosatheka kuchotsa, 60 mpaka 70 Gy. Tsiku lililonse ndi 1.8 kapena 2 Gy, Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye kuti 50 Gy ndi masiku 25, masabata asanu, pamene 60 Gy ndi masiku 30, masabata asanu ndi limodzi. Kuwotcha kuyambe pasanathe miyezi itatu chichitikireni opaleshoni. Lembani tsiku la opaleshoni pachikuto cha buku la kuchipatala, muwerenge masiku 90 kuchokera pamenepo. Zonse zotsatira ziyendere tsiku limenelo.

Chomwe proton imachita mosiyana

Makina wamba amatulutsa cheza cha X-ray champhamvu kwambiri. Chezacho chimalowa pachifuwa, chimadutsa pa chotupa, n'kupitirira mpaka kutulukira kumsana, chikusiya mphamvu yake njira yonse. Kumbuyo kwa thymus kuli mtima, kummero, mapapo ndi msana. Makina amakono amazungulira wodwala kuti mlingo waukulu uunjikane pa chotupa, koma mlingo waung'ono umamwazikira ponseponse ngati fumbi la pamsewu wa dothi.

Proton ndi kanthu kolemera, kokhala ndi mphamvu ya magetsi, kochokera ku mpweya wa hydrogen. Makina otchedwa cyclotron kapena synchrotron amakathamangitsa mpaka mphamvu ya pakati pa 70 ndi 250 MeV. Kakalowa m'thupi kamataya mphamvu pang'onopang'ono, kenaka kakatsala pang'ono kuima kamakhuthula yotsala yonse pamalo amodzi, n'kuthera pomwepo. Pamalo pokhuthulirapo amapatcha Bragg peak, potengera dzina la William Henry Bragg yemwe adazindikira khalidweli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Robert Wilson ndiye adalemba mu 1946 kuti lingachize odwala, odwala oyamba adalandira ku Berkeley mu 1954, ndipo chipatala choyamba ku America kukhala ndi makina akeake chidali cha Loma Linda ku California mu 1990.

Msodzi wa mbedza amadziwa kuti nsomba zili pa mikwamba ingati, ndipo amamasula chingwe chofika pomwepo basi. Kwa proton chingwecho ndi mphamvu yake. Ya 230 MeV imafika pafupifupi masentimita 33 m'madzi, yochepa mphamvu imaima pafupi. Thymus ili masentimita ochepa chabe kuseri kwa fupa, choncho amalozetsa cheza kuchokera kutsogolo, mbali imodzi kapena ziwiri, n'kuchiimitsa chisanalowe mkati mwa mtima. Makina amakono amapenta chotupa kadontho ndi kadontho, kuyambira pansi kukwera mwamba, njira yomwe amaitcha pencil beam scanning. Popeza proton imawononga maselo mopitirirako pang'ono, mlingo wake amauchulukitsa ndi 1.1 kuti ufanane ndi wa X-ray.

N'chifukwa chiyani tikuvutikira mtima chonchi? Odwala thymoma ambiri amakhala ndi moyo zaka 10, 20 kapena kuposa, nthawi yokwanira kuti chilonda cha cheza pa mitsempha ya mtima chionekere. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, wa amayi oposa 2,000 a ku Sweden ndi Denmark omwe adawotchedwa khansa ya m'mawere, adapeza kuti Gy imodzi iliyonse yowonjezereka pa avareji ya mlingo wofika pa mtima imakweza chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima ndi 7.4 peresenti ya chiopsezo chomwe munthuyo adali nacho kale. Komanso kemo yofala ya thymoma, yotchedwa CAP, ili ndi doxorubicin, mankhwala omwe pawokha amafooketsa mtima. Mayi wa zaka 38 yemwe walandira doxorubicin, ndipo malo owotcha akutsikira kutsogolo kwa mtima, ndiye amapindula kwambiri. Iyeyu proton imamutetezeranso mawere ngati cheza chalowera pakati. Bambo wa zaka 72 wa kachotupa ka pamwamba, kutali ndi mtima, phindu lake n'lochepa. Khansa ikafesa m'kansalu ka mapapo malo ambiri, kapena ikafika ku chiwindi ndi mafupa, nkhani imakhala ya kemo.

Umboni wa proton pa thymus ngwochokera ku magulu ang'onoang'ono a odwala ndi kuyerekeza mapulani a kawotchedwe pa kompyuta. Ukuonetsa kuti mlingo wa pa mtima ndi mapapo umatsika, ndipo chotupa chimagonja mofanana. Chipatala chokulonjezani zoposa pamenepa chikugulitsa malonda.

Kusankha: pemphani mapulani awiri

Ku Malawi kulibe makina a proton. Radiotherapy wamba idayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2024 ku International Blantyre Cancer Centre, ndipo boma lidamanga National Cancer Centre pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Kale odwala ankapita ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku South Africa kapena ku India. Ku iThemba LABS pafupi ndi Cape Town adayamba kuchiza ndi proton mu 1993, koma adasiya. Komwe Amalawi angaganizire msanga ndi ku India: Apollo Proton Cancer Centre ku Chennai idatsegulidwa mu 2019, ndipo Tata Memorial ili ndi makina ake ku Navi Mumbai. Mtengo wa proton ndi wokwera kwambiri kuposa wa makina wamba, osawerengera ndege, malo ogona ndi chakudya cha anthu awiri kwa miyezi iwiri.

Njira yachilungamo yosankhira ndi iyi. Pa sikani imodzi ya wodwala yemweyo apange mapulani awiri, ya X-ray yamakono ndi ya proton, akuonetseni manambala mbali ndi mbali. Funsani avareji ya mlingo wa pa mtima, mlingo wa pa mtsempha wa kutsogolo kwa mtima wotchedwa LAD, avareji ya mapapo, ndi V20, kutanthauza gawo la mapapo lolandira 20 Gy kapena kuposa. Malire odziwika ndi akuti avareji ya mapapo isapitirire 20 Gy, V20 ikhale pansi pa 35 peresenti, avareji ya kummero pansi pa 34 Gy, ndipo msana usapitirire 45 mpaka 50 Gy. Awa ndi malire a pamwamba, ndipo kwa wodwala thymoma woyembekezeka kukhala zaka zambiri pulani yabwino imakhala pansi pake kwambiri. Pa mtima palibe mlingo womwe tinganene kuti ngwabwino, wochepa ndiye wofunika. Ngati proton ikutsitsa avareji ya mtima ndi Gy imodzi yokha, sitingalangize banja kugulitsa boti ndi injini yake. Ikatsitsa ndi ma Gy asanu kapena khumi mwa munthu wachinyamata, pamenepo pali nkhani.

Ndipo ngati ndalama, pasipoti kapena chilolezo cha ndalama zakunja ku banki zikuoneka kuti zipyola masiku 90 aja, landirani radiotherapy wamba yomwe ilipo. Makamaka pa R1, R2 ndi carcinoma, kuchedwa ndiko kumabweza chotupa.

Zonyamula

Chipatala cha kunja chimayamba chaona mapepala musanagule tikiti. Tumizani kalata ya dokotala wa khansa, lipoti la opaleshoni lofotokoza pomwe chotupa chidamatirira, lipoti la labu, ndi mndandanda wa kemo yonse ndi milingo yake. Sikani zikhale pa CD kapena pa fulashi mu mtundu wa DICOM, womwe makina a sikani amasungiramo zithunzi. Zithunzi zojambula filimu ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp sizilowa mu kompyuta yopangira pulani. Chomwe mabanja amataya kawirikawiri ndi sikani ya opaleshoni isanachitike, poganiza kuti ntchito yake idatha. Imeneyo ndiyo yofunika koposa, chifukwa chotupa chikachoka ndi yokhayo yosonyeza pomwe chidali. Pemphaninso ku labu timabuloko ta sera momwe adasungamo zidutswa za chotupa, pakuti mitundu ya thymoma imavuta kusiyanitsa ndipo adzafuna kupimanso okha.

Dokotala wa ku chipatala chachikulu ndiye amalembera komiti ya Unduna wa Zaumoyo yoona zotumiza odwala kunja, ndipo mzere wake ngwautali. Kaya mukuyendera boma kaya m'thumba mwanu, mtengo ubwere polemba, wonena ngati sikani zobwereza ndi kukonzanso pulani zili momwemo. India imapereka viza ya odwala ndi ya womuperekeza, potengera kalata ya chipatala. Funsani za katemera wa yellow fever ngati ndege ikudzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa. Gadiyani akhale womva Chingerezi. Wodwala wolankhula Chiyao kapena Chichewa chokha ayenera kumva msanga mawu akuti pumirani mkati, gwirani, tulutsani, ochokera pa sipika ali yekha m'chipinda. Ma ARV, pyridostigmine ndi mankhwala ena a tsiku ndi tsiku anyamulidwe okwana miyezi itatu, m'chikwama cha m'manja.

Tsiku loyeza, ndi zomwe zimalakwika

Chithandizo chisanayambe pamakhala sikani yoyezera. Wodwala amagona chagada, manja ali pamwamba pa mutu, pa thumba lomwe amalipopa mpweya mpaka liume motsata thupi lake. Mmene wagonera tsiku limenelo ndi mmene azigonera masiku onse, choncho ngati phewa likupweteka anene pomwepo, asapirire. Amalemba timadontho pakhungu. Sikani imadula thupi m'magawo a mamilimita awiri kapena atatu, ndipo amajambulanso ya 4D, yogawa kupuma m'zigawo khumi kuti aone mmene malo owotcha akuyendera. Yowerengera mlingo imakhala yopanda mankhwala oonetsa mitsempha, chifukwa mankhwalawo amanamiza kompyuta kuti magazi ngolemera kuposa mmene alili.

Apa ndi pomwe ubwino wa proton umasanduka chofooka chake. Cheza choima pamalo amodzi chimafuna kuti malowo awerengedwe bwino. Proton imayenda mtunda wotalika katatu kapena kanayi m'mapapo kuposa mu mnofu, chifukwa mapapo ndi mpweya wambiri. Ndiye ngati panjira yake padali mnofu tsiku loyeza, lero pali mapapo, imapyola n'kukakhuthulira mu mtima. Ngati padali mapapo, lero pali madzi, imaima isanafike, mbali ya chotupa n'kutsala yosapsa. Opanga pulani amasiya mpata wa pafupifupi 3.5 peresenti pa kutalika kwa ulendo wa proton ndi mamilimita atatu mpaka asanu pa kagonedwe, n'kuyesa pulaniyo pa kompyuta ngati zonsezo zitalakwika. Funsani ngati achita zimenezi.

Kupuma ndi vuto loyamba. Malo owotcha akamayenda kuposa mamilimita asanu, kadontho ka cheza ndi chotupa zimaphonyana, pena kulandira kawiri, pena osalandira. Amathana nazo popenta malo omwewo kangapo ndi mlingo wogawa, kapena pouza wodwala kukoka mpweya wambiri n'kuugwira masekondi 15 mpaka 20. Kugwira mpweya kumakankhiranso mtima pansi ndi kumbuyo, kutali ndi cheza. Yambani kuyeserera mukadali kumudzi: gonani chagada pamphasa, manja pamwamba pa mutu, kokani mpweya, wina awerenge mpaka 20, bwerezani kakhumi, kawiri patsiku. Wa myasthenia apemphe nthawi ya m'mawa, pafupifupi ola limodzi atamwa pyridostigmine, pamene manja ndi chifuwa zili ndi mphamvu. Ngati sangathe kugwira mpweya mofanana nthawi zonse, n'kwabwino kunena, apange pulani ya kupuma mwachizolowezi.

Vuto lachiwiri ndi zitsulo. Mawaya a pafupa ndi timakilipi timapanga mizere yowala pa sikani, ndipo katswiri wa fizikisi ayenera kuikonza pamanja. Wokhala ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, anene msanga, chifukwa proton imatulutsa tinthu tina totchedwa neutron tomwe tingasokoneze kachipangizoko.

Lachitatu ndi kusintha kwa thupi. Kuonda makilogalamu atatu kapena anayi, madzi kudzaza m'chifuwa pambuyo pa opaleshoni, kapena chotupa chosachotsedwa kufota pakati pa chithandizo, zonsezi zimasuntha poimira cheza. N'chifukwa chake zipatala zabwino zimabwereza sikani sabata iliyonse kapena masabata awiri, n'kukonzanso pulani pakafunika. Kwa abale athu achisilamu, chithandizo chikagwera m'mwezi wa Ramadan kambiranani ndi ashehe. Chipembedzo chimalola wodwala kudzabweza masiku pambuyo, ndipo pano kusala kumaondetsa thupi komanso kumasokoneza nthawi ya mankhwala a myasthenia.

Kupanga pulani kumatenga sabata imodzi kapena awiri. Werengerani ulendo wonse masabata asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi.

Masiku a chithandizo

Tsiku lililonse mumakhala m'chipinda mphindi 20 mpaka 45, zambiri mwa izo n'zokugonekani bwino ndi kujambula kuti mafupa ndi timakilipi zigwirizane ndi pulani. Cheza chenicheni ndi mphindi zochepa. Sichipweteka, sichitentha, sichioneka. Mukatuluka simunyamula cheza chilichonse, mutha kudyera mbale imodzi ndi ena ndi kunyamula mwana. Musadumphe tsiku. Makina a proton ndi amodzi odyetsa zipinda zingapo, akawonongeka onse amaima, choncho funsani pachiyambi ngati pali pulani ya X-ray yosungira masiku otero.

Khungu la pachifuwa limavutika ndi proton kuposa ndi makina wamba, chifukwa cheza chonse chimalowera khomo limodzi kapena awiri. Kuyambira sabata yachiwiri kapena yachitatu limada, limayabwa, limasupuka, ndipo limafika poipitsitsa sabata imodzi kapena awiri chithandizo chitatha. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka, ndiye uzani anesi za kuyabwa ndi kutentha, musadikire kuti aone okha. Sambani ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, osakhula ndi chinkhupule, pukutani mogunditsa nsalu. Dzolani mafuta omwe akupatsani okha. Mphini, mankhwala azitsamba opaka ndi botolo la madzi otentha zisayandikire pamenepo.

Kummero kukayamba kuwawa pomeza, siyani tsabola, mowa, fodya ndi tiyi wotentha kwambiri. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira, mkaka, nthochi, nsomba yofewa yochotsa minga, pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Kwerani sikelo sabata iliyonse. Kutopa n'kwachizolowezi. Koma kutopa kobwera ndi kutsamwa madzi, khosi kulephera kunyamula mutu, kapena kulephera kuwerenga mpaka 20 ndi mpweya umodzi, ndi myasthenia yomwe yakula, ndipo n'kofunika kuchipatala ola lomwelo.

Mukabwerera kunyanja

Pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi isanu ndi umodzi chithandizo chitatha, ena amatupa mapapo chifukwa cha cheza: chifuwa chouma, phuma pokwera kamtunda, kutentha thupi pang'ono. Zimafanana ndi chibayo ndi TB. Onetsani adokotala pepala lomaliza la chithandizo, lomwe liyenera kunena mlingo wonse, masiku, ndi mlingo wa pa mtima ndi mapapo. Mankhwala ake ndi prednisolone wotsitsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, koma makhololo apimidwe kaye, chifukwa prednisolone amadzutsa TB yogona. Kwa wa myasthenia, kuyamba ndi mlingo waukulu kungamufooketse masiku oyamba, ndiye ayambire ali pafupi ndi chipatala.

Ku Mangochi malungo sachedwa. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu pa tsamba loyamba la buku la kuchipatala kuti wodwala ali ndi myasthenia gravis, ndipo pansi pake mayina awa: quinine, chloroquine, gentamicin, ciprofloxacin, erythromycin, azithromycin, magnesium sulphate, propranolol. Onsewa angafooketse minofu yopumira. Quinine apewedwe ndithu, pa malungo pali LA ndi jakisoni wa artesunate. Enawo aperekedwe pokhapokha palibe china, wodwala akuyang'aniridwa. Kuchotsa thymoma sikutanthauza kuti myasthenia yatha, ndipo mwa ena imayamba opaleshoni itachitika kale. Kuchepa magazi kosadziwika chifukwa, kapena kudwaladwala chibayo ndi kutsegula m'mimba mwa munthu wopanda HIV, nazonso zingachokere ku thymoma, ndipo zimafuna kupima magazi ku chipatala chachikulu.

Pachifuwa powotchedwa pasaombedwe ndi dzuwa la Okutobala, valani malaya ngakhale muli m'bwato, ndipo musalowe m'nyanja mpaka khungu litapola. BP, shuga ndi fodya ziyang'aniridwe moyo wonse, popeza zimaonjezera pa chilichonse chomwe mtima udalandira.

CT sikani ya chifuwa ibwerezedwe miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kwa zaka ziwiri, kenaka kamodzi pachaka, mpaka zaka zisanu pa carcinoma ndi zaka khumi pa thymoma. X-ray wamba siikwanira. Thymoma ikabwerera imakonda kumera ngati timibulu pa kansalu ka mapapo, pansi penipeni pafupi ndi chiwindi kapena kumbuyo kwa nthiti, kunja kwa malo omwe adawotcha, ndipo kawirikawiri siipweteka. Timibulu totere tikapezeka tikadali tochepa timachotseka ndi opaleshoni ina. Pokajambulitsa, uzani ojambula kuti sikani itsike mpaka pansi pa nthiti zomaliza, ndipo nyamulani CD ya chaka chatha kuti ayerekeze.